Mmene tingatetezere mitengo yathu ku mbozi kuno ku Lusaka popanda kudikira ndege

Mvula ikangoyamba mu Novembala, mitengo n'kuphuka masamba anthete, anthu obwera ku nazale kwanga cha ku Chelstone amabwera ndi madandaulo ofanana. Wina wanyamula tsamba la ndimu lopiringizika, wina akundionetsa pa foni mtengo umene watsala nthambi zokhazokha. Ndipo salephera kupezeka wofunsa kuti, "Kumaiko kwa anzathu khonsolo imatumiza ndege kudzapopera tauni yonse. Nanga ife kuno?" N'zoona, ilipo mizinda imene imatero. Koma mukayang'anitsitsa mmene amachitira, ndege ndi gawo laling'ono la ntchitoyo, ndiponso ndi lomalizira. Chimene chimapulumutsa mitengo yawo ndi kudziwa mbozi imene akulimbana nayo ndi kuipeza ikadali yaing'ono. Zimenezi munthu wa ku Mtendere kapena ku Matero angathe kuchita pa yadi pake ndi tochi, chiguduli ndi sipuleya yobwereka.

Ku America ndi ku Canada chimene chimawasowetsa tulo ndi gulugufe wausiku wotchedwa spongy moth. Kwawo ndi ku Ulaya. Anabwera naye ndi munthu wa ku France, Étienne Léopold Trouvelot, amene ankakhala ku Medford m'chigawo cha Massachusetts ndipo ankafuna kuweta mbozi zopanga ulusi wa silika. Cha m'ma 1869 zina zinamupulumuka n'kulowa m'thengo. Pofika 1981, m'chaka chimodzi chokhacho, zidzukulu za mbozi zimenezo zinadya masamba pa nkhalango yoposa mahekitala 5 miliyoni.

Komabe mzinda monga Toronto, ku Canada, sumangodzuka n'kuitana helikopita. M'nyengo yozizira, mitengo itayoyola masamba, antchito amayenda mtengo ndi mtengo kuwerenga timilu ta mazira pa makungwa. Kamulu kamodzi kamakhala ndi mazira mazana angapo, nthawi zina mpaka 1,000. Malo okhawo amene timiluto tachuluka ndi amene amalembedwa pa mapu. Kenako amadikira kuti mazira aswe, cha mu Meyi, ndipo amapopera mbozi zikadali tating'onoting'ono, kawiri, motalikirana masiku ochepa, mbandakucha mphepo isanadzuke. Anthu amauzidwiratu tsiku, ndipo amalangizidwa kukhala m'nyumba pafupifupi theka la ola ndege ikadutsa.

Mankhwala amene amathirawo si poizoni wopha chilichonse. Wotereyo anamuyesapo m'zaka za m'ma 1950, pamene ankawaza DDT kuchokera m'ndege, ndipo nsomba, mbalame ndi njuchi zinafera limodzi ndi mbozi. Lero amagwiritsa ntchito bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Bacillus thuringiensis, mwachidule Bt, makamaka mtundu wa kurstaki. Mmene amagwirira ntchito m'pofunika kumvetsa, chifukwa malangizo onse a kapoperedwe atsamira pamenepa. Bt sapha mbozi poikhudza pakhungu. Mpaka mboziyo idye tsamba limene lagweredwa mankhwala. Akafika m'mimba mwake amaboola matumbo, mbozi imasiya kudya m'maola ochepa, ndipo imafa pakapita masiku awiri mpaka asanu. Njuchi, mbalame, nkhuku ndi nsomba sizivulala naye. Koma dzuwa limamupha m'masiku ochepa, mvula imamutsuka, ndipo mbozi yaikulu imamupirira. Ndiye chifukwa chake anzathuwo amawerenga masiku mosamala chotero.

Ngakhale ndi mankhwala ofatsa chonchi, kupopera pamwamba pa nyumba za anthu si nkhani yophweka. Ku Auckland, ku New Zealand, gulugufe wochokera ku Australia wotchedwa painted apple moth anapezeka mu 1999. Anapopera ndi ndege kuyambira 2002 mpaka 2004, ndipo mu 2006 analengeza kuti watheratu. Anapambana, koma anthu ambiri anadandaula za chifuwa, maso ndi khungu, ndipo ena ankachita kuchoka m'nyumba zawo pa masiku opopera. Ku California mu 2007 boma linapopera madera a Monterey ndi Santa Cruz polimbana ndi light brown apple moth. Anthu anakwiya poona kuti sanafunsidwe mokwanira, nkhani inafika kukhoti, ndipo mu 2008 kupopera mizinda ndi ndege kunasiyidwa.

Kuno kwathu ndege zopopera tili nazo, koma ntchito yake ndi ya dzombe ndi ya mafamu akuluakulu. Bungwe la maiko a kuno kumwera ndi pakati pa Africa lolimbana ndi dzombe lofiira, IRLCO-CSA, likulu lake lili ku Ndola, ndipo limayang'anira madambo monga a Kafue Flats. Mu 2020 dzombe litabuka cha ku Sesheke, Mwandi ndi Kazungula, kunapoperedwa kuchokera mumlengalenga. Pamene ntchemberezandonda zachilendo zochokera ku America zinalowa m'chimanga kumapeto kwa 2016, Pulezidenti Edgar Lungu analamula asilikali a ndege kuthandiza kunyamula mankhwala kupita nawo m'zigawo, koma wopopera m'munda anali mlimi yemwe ndi sipuleya yake kumsana. Ine sindingakonde kuona ndege ikuwaza chilichonse pamwamba pa Kanyama kapena Chawama. Madiramu a madzi ali pabwalo, ndiwo zayanikidwa padenga, tomato ndi kapenta zili poyera pamsika, ana ali mumsewu. Komanso mitengo ya m'mayadi athu ndi yosakanikirana, ndipo chimene chikudya mandimu anu si chimene chikuboola magwafa a neba wanu.

Yambani mwadziwa chimene chikudya

Madzulo yalani nsalu yoyera kapena thumba la ufa long'ambidwa pansi pa mtengo umene mukuukayikira. M'mawa kayang'aneni. Mukapeza tizitosi takuda tambirimbiri, mbozi zilipo ndipo zikudya usiku. Kukula kwa tizitosito kukuuzani msinkhu wake: tikakhala ngati fumbi la tsabola, mbozi zikadali zazing'ono ndipo mwafika nthawi yabwino, tikakhala tonenepa, tooneka mizere, zakula kale. Usiku wotsatira tengani tochi, muyang'ane kunsi kwa masamba, makamaka anthete a kunsonga. Tolani ziwiri kapena zitatu, muziike m'botolo pamodzi ndi tsamba limene zikudya.

Zimene ndimakumana nazo kawirikawiri pa mitengo ya m'tauni muno zili m'magulu osiyana, ndipo gulu lililonse lili ndi kachitidwe kake.

Pali zodyera poyera, zimene zimayamba tsamba m'mphepete mpaka kutsala mtsempha wokha. Pa mandimu ndi malalanje pamakhala ija imene ikadali yaing'ono imafanana ndi chitosi cha mbalame, ikakula imasanduka yobiriwira, ndipo mukaigusa imatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha. Pa kamtengo kakang'ono mbozi zisanu zotere zimatha masamba onse m'sabata imodzi. Palinso ziyabwe, zaubweya zija, zimene zimaunjikana pa thunthu. Gulu lonseli ndi limene Bt amaligwira bwino.

Pali kenanso kamene kamakhala mkati mwa tsamba. Mukaona tsamba la ndimu lanthete lili ndi mizere yonyezimira yokhotakhota ndipo lapiringizika, muli kambozi ka gulugufe wamng'ono kwambiri wochokera ku Asia. Kamayenda pakati pa khungu la tsamba, choncho Bt sakafikira. Mtengo waukulu usakudetseni nkhawa, umabereka ndithu. Pa mbande chotsani masamba ogwidwawo, ndipo chepetsani feteleza wa yuriya, chifukwa amaphukitsa masamba anthete nthawi ndi nthawi, ndipo ndi amene kagulugufeko kamaikirapo mazira.

Gulu limene limapweteka mtima kwambiri ndi la m'zipatso. Lalanje likapsa msanga mbali imodzi n'kugwa, lidulen'ni pakati. Mukapeza mbozi imodzi yokha, yofiirira pang'ono, ya mutu wakuda, ndi tizitosi pafupi ndi njere, ameneyo ndi false codling moth. Uyu si mlendo, kwawo ndi konkuno ku Africa, ndipo ndi amene amachititsa kuti maluwa ndi tsabola zochokera kuno zikanidwe zikafika ku Ulaya. Mukapeza mphutsi zoyera zambiri zopanda miyendo, chipatso chitasanduka phala, imeneyo ndi ntchentche ya zipatso. Ya mtundu woipitsitsa inachokera ku Asia ndipo inaoneka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003. Ntchentche si gulugufe, ndipo Bt wa mbozi alibe nayo kanthu. Pa zonse ziwirizi mankhwala enieni ndi kutola. Mbozi ikakhuta imatuluka m'chipatso chakugwacho n'kulowa m'dothi, mmene imasandulika n'kutulukanso ndi mapiko. Tolani zipatso zonse zakugwa kawiri pa sabata, muzimange m'pulasitiki yakuda yosabooka, muisiye padzuwa masiku angapo, kapena muzikwirire m'dzenje lakuya theka la mita. Musaziponye pa dzala kuseri kwa nyumba. Ndimaona anthu akugula mankhwala odula kwinaku magwafa owola ali mbwee pansi pa mtengo womwewo, ndipo zimandiwawa, chifukwa ndalamayo ikungotayika.

Amene munabzala mbawa, mukaona nsonga yafota n'kugwada pamene mtengo wonse uli bwinobwino, muli mbozi yoboola mkati. Dulani nsongayo mpaka pamene pathera mphako, muitenthe, ndipo pa mphukira zimene zituluke musiye imodzi yowongoka.

Ndipo si mbozi iliyonse imene ili mdani. Kumapuloti a kunja kwa tauni kumene kudakali mitondo ndi miombo, mukapeza matondo kapena mphalabungu, imeneyo ndi ndiwo. Vinkubala vimene timagula pa Soweto Market vimachokera pa mitengo yotereyi cha ku Serenje ndi ku Mpika. Bt sasankha, amapha mbozi yodyedwa mofanana ndi yowononga, ndipo mankhwala aukali amaisandutsa poizoni kwa mwana amene angaitole. Mtengo wachilengedwe unazolowera kudyedwa masamba kamodzi pa chaka n'kuphukanso. Usiyeni.

Funso loti "kodi m'pofunikadi kupopera?" lidzifunseni pa mtengo uliwonse. Mtengo waukulu wathanzi ukadyedwa masamba kamodzi suuma. Umene umauma ndi wodyedwa zaka ziwiri kapena zitatu motsatizana, kapena wodyedwa uli kale ndi ludzu, monga mitengo yambiri inalili m'chilala cha 2024. Mtengo wotere uthandizeni ndi madzi ndi kuphimbira udzu wouma patsinde, osagunda thunthu, musanaganize za botolo. Mphamvu zanu ziikeni pa mbande ndi mitengo yosakwana zaka zitatu, chifukwa ilibe chakudya chosunga.

Manja ndi chiguduli

Pa mtengo umene mumafikira ndi dzanja, kutola kumaposa mankhwala alionse. Konzani ndowa ya madzi a sopo, muziponyamo mbozi ndi masamba amene ali ndi mazira kunsi. Mazira a pa khungwa muwapale ndi kampeni kobuntha, agwere m'chitini, osati pansi, chifukwa pansi amaswabe. Asiyeni m'madzi a sopo masiku awiri. Ziyabwe musazigwire ndi dzanja lopanda kanthu. Valani magolovesi kapena mugwiritse timitengo tiwiri, ndipo ana akhale patali, pakuti ubweya wake umayabwa ngakhale mbozi itafa.

Njira ya chiguduli ndimaikonda chifukwa anthu a m'mizinda ya ndege ija amaigwiritsanso ntchito pa mitengo ya pakhomo pawo. Dulani chiguduli, chija cha ulusi osati cha pulasitiki, mulifupi mwake pafupifupi theka la mita, ndipo mulitali chokwana kuzungulira thunthu n'kutsalako pang'ono. Chikulungeni pa thunthu pa msinkhu wa chifuwa chanu. Mangani chingwe pakatikati, kenako gwetsani theka la pamwamba kuti liphimbe la pansi, pakhale kamthunzi pakati pa nsalu ziwirizo. Mbozi za mitundu imene imadya usiku n'kutsika masana kufuna pobisala zimalowa m'menemo. Cha m'ma 15 koloko tukulani nsaluyo. Nthawi zina mupeza ziyabwe zitagundana mitu, zina zitayamba kale kumanga zikwa m'ulusi wa chiguduli. Zigwetsereni m'ndowa ija. Mukapezamo kangaude, buluzi kapena chiswamphika, musiyeni, ameneyo akukugwirirani ntchito. Chimodzimodzi mukaona mbozi itanyamula timbewu toyera pamsana kapena pambali pake: timeneto ndi tizikwa ta mavu aang'ono amene aidya kale mkati, ndipo akatuluka adzapha zina. Chiguduli chiyenera kuonedwa tsiku lililonse, apo ayi mwangozimangira nyumba. Nyengo ya mbozi ikatha chichotseni kuti chingwe chisadye khungwa. Oilo wakutha wa galimoto kapena girizi musapake pa thunthu. Amapsereza khungwa, ndipo mtengo waung'ono umauma nazo.

Kupopera

Mukapita ku shopu ya zaulimi m'tauni, musafunse kuti "mankhwala a mbozi", chifukwa adzakupatsani aukali amene ali pafupi. Nenani kuti mukufuna a Bt, ndipo muwerenge nokha pa pepala la botolo kapena paketi kuti palembedwa Bacillus thuringiensis. Si shopu iliyonse imene imasunga. Yesani amene amagulitsa kwa alimi a ndiwo zamasamba ndi maluwa. Mankhwala a tizilombo m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, choncho gulani otsekedwa bwino, a pepala lonse ndi tsiku lothera ntchito. Zothiridwa m'kabotolo ka zakumwa popanda dzina zisiyeni. Bt ndi chinthu chamoyo: paketi imene yakhala pawindo la shopu kutentha konse kwa Okutobala yafooka kale, ndipo nanunso kunyumba muisunge pozizira ndi pamdima.

Nthawi yopopera ndi pamene mbozi zambiri sizinapose sentimita imodzi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mukadikira mpaka mtengo uonekere patali kuti wadyedwa, mbozizo zatsala pang'ono kulowa m'zikwa, ndipo mankhwala anu agwera pa masamba opanda wodya. Zikafika pamenepo bwererani ku chiguduli ndi ndowa, mulembe tsikulo pa kalendala, ndipo mudikire m'badwo wotsatira, umene m'nyengo yotentha suchedwa.

Tsukani sipuleya bwinobwino musanayambe, makamaka ngati ndi yobwereka. Yambiri ya malita 16 imene imayendayenda m'makomboni imakhala itapoperapo mankhwala opha udzu, ndipo otsalira ake amapiringiza masamba a mtengo kuposa mbozi. Muyeso tsatirani wa pa pepala, osaonjezera. Bt sagwirizana ndi phulusa, soda kapena laimu, ndipo popeza madzi a m'mijigo yambiri ya Lusaka ndi aja osiya zoyera m'ketulo, ine ndimasungunulira m'madzi a mvula ndikakhala nawo. Sungunulani okwana tsiku lomwelo. Ogona alibe mphamvu.

Ndege zimapopera m'mamawa chifukwa cha mphepo. Inu poperani madzulo, cha m'ma 17 koloko, dzuwa litapepa, kuti mankhwala akhale pa tsamba usiku wonse pamene mbozi zikudya. Yang'anani kumwamba kaye: ngati mitambo yakuda yaunjikana, dikirani mawa. Lozetsani kamwa ya sipuleya m'mwamba kuchokera pansi kuti kunsi kwa masamba kunyowe, ndipo mulekere pamene tsamba lanyowa koma lisanayambe kudontha. Mphepo ikhale kumsana kwanu.

M'mawa mwake mudzapeza mbozi zikadali pamtengo, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amataya mtima n'kuthamangira mankhwala aukali. Yalaninso nsalu ija. Ngati tizitosi tachepa, ntchito yagwirika: zilipo koma sizikudya. Pofika tsiku lachitatu muziona zitada, zitalendewera. Bwerezani pakatha masiku asanu mpaka asanu ndi awiri, chifukwa mazira saswa tsiku limodzi, ndipo bwerezaninso mvula yamphamvu ikagwa usiku womwe mwapopera.

Sipuleya ya kumsana imafika mamita atatu kapena anayi basi. Musakwere makwerero kapena mtengo muli nayo kumsana, ndipo musaime pansi pa nthambi n'kumapopera pamwamba pa mutu wanu. Mango kapena kotapela wotalika kuposa nyumba muthandizeni ndi chiguduli, kutola zipatso ndi kudulira akatha kubereka.

Bt akasowa, nimu amathandiza pa mbozi zazing'ono ndiponso amaingitsa kagulugufe ka m'masamba a mandimu. Sinjani njere zouma zosenda, magalamu 50 pa lita imodzi ya madzi, zigone usiku, musefe ndi nsalu, muikemo kasopo pang'ono kuti amatirire. Koma onetsetsani kuti ndi nimu weniweni, wa maluwa oyera, amene amakonda kotentha monga ku Chirundu ndi ku Luangwa. Umene wadzaza m'misewu ya Lusaka, wa maluwa a pepo ndi tizipatso tozungulira totsalira pamtengo masamba atayoyoka, ndi indiya, ndipo tizipatso take ndi poizoni kwa ana ndi ziweto.

Za mankhwala aukali monga cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin ndinene mosabisa: pa yadi ya m'tauni sindiwalimbikitsa. Amapha mbozi pompo, koma amaphanso mavu ndi akangaude amene amazichepetsa, ndipo m'badwo wotsatira umabwera wopanda woutsekereza. Ngati mwaumirira, musapopere mtengo uli ndi maluwa. Mango amachita maluwa kuyambira cha mu Julayi mpaka Seputembala, ndipo njuchi ndi ntchentche zimene zili pamenepo ndi zimene zimakupatsani zipatso za Disembala. Werengani masiku oyenera kudikira musanathyole chipatso, ndipo kumbukirani kuti ana a mumsewu sawerenga masiku. Valani malaya a manja aatali, magolovesi, majombo ndi chophimba pamphuno. Botolo likatha litsukuluzeni katatu, madziwo muthire m'sipuleya, ndipo muliboole kuti wina asatungire madzi. Sipuleya musatsukire pafupi ndi chitsime kapena m'ngalande. Mzinda uno wakhala pa mwala wa laimu wa ming'alu, madzi ali pafupi, ndipo chimene chathiridwa pansi sichichedwa kufika m'zitsime. Kolera ya 2017 ndi ya 2023 inationetsa zimenezi. Munthu akayamba chizungulire, kusanza kapena kutuluka dovu atapopera, muvuleni zovalazo, asambe ndi sopo, muthamangire naye ku kiliniki mutanyamula botolo. Musamusanzitse, ndipo mkaka si mankhwala ake.

Msewu wonse pamodzi

Chimene ndege imaposa nacho munthu mmodzi n'chakuti imagwira dera lonse tsiku limodzi. Gulugufe sadziwa mpanda. Mukatola magwafa anu koma a neba asiya awo, mukuweta limodzi. Choncho lankhulanani. Kwa ife pa msewu wathu zimayenda pa gulu la WhatsApp: woyamba kuona timbozi amatumiza chithunzi, ndipo tonse timayang'ana mitengo yathu sabata yomweyo. Paketi imodzi ya Bt imakwana mayadi angapo, ndiye kusonkherana kumachepetsa ndalama zimene aliyense amalipira. Kumene kuli agogo osatha kuwerama, anyamata apite akatole. Mawu ake safuna kuchuluka: "Ambuya, tabwera kudzakutolerani magwafa akugwa, kuti mbozi zisachuluke." Sindinaonepo wokana.

Tengeraninso khalidwe la kuchenjeza. Uzani oyandikana nawo kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, muwauze dzina la mankhwala ndi ola. Avundikire madiramu, aanule zovala ndi ndiwo, atsekere nkhuku, ndipo wodwala mphumu akhale m'nyumba mawindo otseka mpaka masamba aume. Ngakhale ndi Bt chitani zimenezi, chifukwa ena amawayabwa m'maso ndi pakhosi.

Mitengo ya mumsewu, ya pamsika ndi ya m'mapaki ili m'manja mwa khonsolo, ndipo si bwino kuipopera kapena kuidula mwa inu nokha. Pitani kwa khansala wanu kapena ku komiti ya chitukuko ya wadi, kapena ku Civic Centre pa Independence Avenue, mutanyamula zithunzi, dzina la msewu, chiwerengero cha mitengo yogwidwa ndi tsiku limene munayamba kuona. Ndipo tsiku lina wina akadzabwera ndi ganizo lopopera dera lanu kuchokera m'mwamba, kaya ndi ndege kaya ndi droni, funsani musanavomere: mbozi yake ndi iti ndipo anaiwerenga ndani, mankhwala ake ndi ati, mapu ake ali kuti, anthu adzauzidwa liti, ndipo wodwala nazo akadandaule kwa yani.

Agulugufe achilendo ambiri safika ndi mapiko awo okha. Amakwera nafe m'mbande, m'zipatso, m'nkhuni ndi m'mabokosi. Tuta absoluta, kagulugufe kamene kanasakaza tomato m'dziko muno mu 2016, kwawo ndi ku South America, ndipo kanaoneka ku Spain mu 2006 kasanafalikire mu Africa. Choncho mbande iliyonse imene mukugula, ngakhale kwa ine, itembenuzeni masamba musanalipire, ndipo mukafika nayo kunyumba ikhale payokha sabata ziwiri musanaibzale pafupi ndi ina. Mbewu ndi zipatso zodutsa pa Chirundu, Nakonde kapena Mwami zimayenera chilolezo cha ofesi yoona za matenda ndi tizilombo ta mbewu ya unduna wa zaulimi. Mukapeza mbozi imene simunaionepo, ndipo akuluakulu a m'dera lanu sakuidziwa, pitani nayo kwa alangizi a zaulimi kapena ku malo a kafukufuku a Mount Makulu ku Chilanga. Zina muike zamoyo m'botolo loboola chivundikiro pamodzi ndi masamba ake, zina muziviike mu sipiriti. Kapepala kolemba tsiku, dera ndi dzina la mtengo mulembe ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti.